Nthambi sigwetsedwa, imatsitsidwa

Mtengo wakutchire suvuta: umaona kumene wapendekera, n'kuusiya ugwe. Ine ntchito yanga ndi ya mitengo yopanda pogwera: bulugamu amene watalika kuseri kwa nyumba pa boma pa Ntcheu, kapena mango amene nthambi yake yagona pamalata ku Kampepuza kaya ku Nsipe. Amandifuna kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, mphepo ya mvula yoyamba ikayamba kusasula madenga.

Ndimanyamula zingwe ziwiri ndipo sizibwerekana ntchito. China n'cha m'chiuno mwanga, chomangidwa ndi mfundo yosathina ngakhale nditalendewera. Chinacho n'cha nthambi. Ndimachikoleka pamphanda yolimba pamwamba pa pomwe ndikudula, nditayalapo chidutswa cha tayala, chifukwa nayiloni ikakhuzika pakhungwa imatentha n'kuuma ngati pulasitiki, ndipo yatha pamenepo. Chingwe cha khonje chimagwirika bwino m'manja, koma ukachisunga chonyowa chimaolera m'kati, kunja chikuoneka chabwinobwino.

Mfundo ya nthambi ndi iyi: kuzunguliza nsonga ya chingwe pa nthambi, kuikoloweka pa chingwe chachikulu, kenako kuipota payokha kasanu. Katundu akamalemera imaluma, akafika pansi imamasuka ndi zala. Bulugamu ndi woterera ndipo khungwa lake limasendeka, choncho ndimayamba ndasema kamphako koti chingwe chikhalemo. Podula ndimayambira kunsi kwa nthambi, n'kumalizira pamwamba chakunsonga pang'ono, kuti isang'ambe thunthu.

Koma mwini ntchito weniweni ali pansi. Anthu amayang'ana ine m'mwambamo, pomwe denga lawo lili m'manja mwa mnzanga wogwira chingwe. Iye amachikulunga pathunthu kawiri kapena katatu, malinga ndi kulemera kwa nthambi, ndipo nthambi yaiwisi ya mango imalemera kuposa mmene maso amaonera. Akakulunga mochepa, chingwe chimamusenda zikhatho. Akachulukitsa, nthambi imaima mwadzidzidzi, mtengo wonse n'kugwedezeka ndi ine ndemwe. Ayenera kuilola itsike pang'ono, n'kumaigwira mwapang'onopang'ono. Pamkono sakulunga chingwe, ngakhale kanthambi kachepe bwanji. Ndisanamalize kudula ndimafuula kuti, "Achimwene, mwagwira?" Ndipo sowo imadikira mpaka ayankhe.

Nthambi ikayandikira mawaya a ESCOM sindikwera mpaka magetsi atazimitsidwa. Eni nyumba ena amakwiya poti mvula yayandikira, koma mtengo wauwisi umadutsa magetsi, chingwe chonyowanso chimodzimodzi.