Kuyendetsa geni pafoni uli ku Philippines

Anzathu apamsewu, ambiri mumafunsa ngati geni ingayende mwini wake ali kutali. Ife tikukhala ku Bacoor, tauni yodzaza anthu m'chigawo cha Cavite, kum'mwera kwa Manila, pomwe katundu wathu akuyendabe pakati pa Johannesburg ndi Blantyre. Zimatheka, koma bwana wamkulu ndi wotchi.

Kuno tili patsogolo ndi maola 6. M'mawa timaoda ku Guangzhou, poti nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi. Ikamakwana 2 koloko masana, kumudzi ndiye akutsegula mashopu. Dalaivala akafika pa Beitbridge 6 koloko madzulo, kuno ndi pakati pa usiku. Mapepala akavuta ife tili m'tulo, thiraki imagona pamzere, makasitomala n'kuyamba kudandaula.

Tulo timachita kuba. Tauniyi siigona: matambala, njinga zamoto zonyamula anthu, ndi aneba oimba videoke. Msewu wa Aguinaldo umathina moti sitiyendayenda. Zofunika timagula pa kagolosale kapafupi kamene eni ake amati sari-sari.

Kuyambira June mpaka November ndi nyengo ya anamondwe, magetsi ndi intaneti zimatha kuthima. Timakhala ndi malaini awiri a foni ndi power bank yodzaza.

Tsono inu amene mukulingalira moyo umenewu, musanagule tikiti pezani munthu wokhulupirika paboda, woti angathe kusaina ndi kulipira osadikira inu. Madalaivala, nanunso muzitumiza zithunzi za mapepala musananyamuke. Foni imalankhula, koma siitsitsa katoni.