Kope la pansi pa pilo

Tsiku lililonse 5 koloko m'mawa, asanatsike pabedi, mayi wina wa ku Mangochi amene akukhala ku Isipingo, kummwera kwa Durban, amaika kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kunsi kwa lilime. Nambala imene wapeza amailemba m'kope, kenaka n'kuthamangira minibasi ya ku Warwick kumene amagulitsa masamba.

Iye ndi mwamuna wake ali ndi ana awiri m'chipinda chimodzi cha lendi, ndipo makolo kumudzi amadikira ndalama mwezi ndi mwezi. Mwana wachitatu akumufuna, koma osati tsopano. Jakisoni wolera adamusiya chifukwa ankamusokonezera msambo.

Namwino adamufotokozera kuti dzira likatuluka, mchere wa m'thupi wotchedwa progesterone umakweza kutentha kwa thupi ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5. Dziralo silipitirira maola 24, pamene mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi la mayi masiku 5. Choncho kachipangizoka kamanena zimene zachitika kale, sikalosera za mawa. Banja losafuna mimba limadziletsa, kapena kugwiritsa ntchito kondomu, kuyambira tsiku loyamba la msambo kufikira nambala itakhala yokwera masiku atatu otsatizana.

Mwezi wina wa June nambala idakwera msanga. Mwamuna wake, amene adali ataphunzira kuwerenga kopelo, adasangalala.

“Mayi a mwana, taonani, lero n'lachitatu,” adatero.

“Ayi bambo, chimenechi n'chimfine. Simunamve ndikutsokomola usiku wonse?”

Adakumbukira chenjezo la namwino lakuti malungo, mowa ndi kusagona mokwanira zimanamiza nambala. Bamboyo adakhala chete kanthawi, kenaka adatenga bolopeni n'kulemba yekha pambali pa tsikulo kuti “wadwala”. Mwezi umenewo adadikira mpaka msambo wina.

Njirayi ikatsatidwa mwachisawawa imalephera kawirikawiri kuposa jakisoni kapena lupu, ndiponso siteteza ku HIV, imene yafala kwambiri m'chigawo cha KwaZulu-Natal. N'chifukwa chake awiriwa adayamba ndi kukayezetsa magazi limodzi.

Amayi anzake ku Warwick akamufunsa mtengo wa kachipangizoka, iye amawauza kuti n'kotsika mtengo pa famase iliyonse, koma asanakagule ayambe akambirana ndi amuna awo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'banja odekhawo ayenera kukhala awiri.