Zimene Ndinaphunzira ku Chilanga

Nditafika ku Chilanga, kufupi ndi boma la Kasungu, pa sukulu ya ana osaona ya Sinodi ya Nkhoma, ndinapeza mwana akuŵerenga ndi zala. Chilembo chilichonse cha Braille chili ndi timadontho tosapitirira 6, komabe ine, mphunzitsi wa zaka zambiri, ndinalephera kuŵerenga ngakhale liwu limodzi. Pamenepo ndinazindikira kuti chifundo chokha sichikwanira, pafunikanso luso.

Aphunzitsi a ana otere amakasulidwa ku Montfort, ku Nguludi. Nanga amayi amene amalera ana m'malo ogona otere m'dziko muno, akatopa adzaŵalimbikitsa ndani?

Abale, mutu umodzi susenza denga. Mipingo yathu iziŵayendera antchito ameneŵa, kuŵalipirira maphunziro ndi kuŵapatsa nthaŵi yopuma. Wosamala anzake nayenso afunika kusamalidwa.