Diso la Mmisiri wa Zikwangwani

Makolo adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu umachenjeza munthu kuti asamakopeke ndi khungu la chinthu asadaone za m'kati mwake, ndipo masiku ano chenjezoli likukhudzanso zithunzi zojambula pamanja. Pa malaya, pa zikuto za makope, pa zikwangwani za malonda ndiponso pa intaneti pali zithunzi zambiri zooneka ngati zakale: tianthu ta mphuno zosongoka, timiyendo tonga machesi, ndi utoto wa mitundu iwiri kapena itatu yokha. Kajambulidwe aka kadatchuka ku America ndi ku Ulaya kuyambira cha m'ma 1945 mpaka cha m'ma 1965, ndipo pa Chingerezi amakatcha mid-century modern, kutanthauza luso latsopano la pakati pa zaka za m'ma 1900. Tsono munthu angasiyanitse bwanji chithunzi chimene chidajambulidwadi m'zaka zimenezo ndi chimene changobwereka malaya akale? Nanga chenichenicho angachipeze kuti?

Mu mzinda wa Blantyre muli mkulu wina amene wakhala akulimbana ndi mafunsowa kwa zaka zambiri, ngakhale kuti sadapondeko ku sukulu ya zaluso. Ntchito yake idali yolemba zikwangwani za magolosale, malo ometera ndi malo odyera. Ali mwana, pa sukulu ya mishoni imene ankaphunzira padafika bokosi la mabuku a mphatso ochokera kunja, ndipo m'bokosimo mudali kabuku ka ana ka msana wagolide. Anzake adakaseka kabukuko nati zithunzi zake n'zachibwana, poti galu wa m'menemo adali ngati nyemba yomera miyendo. Koma iye adazizwa poona kuti mizere yowerengeka chabe idakwanira kuonetsa kuti galuyo adali ndi mantha. Kuyambira pamenepo adayamba kusaka zithunzi zotere, ndipo lero ali ndi katundu wodzaza sutikesi ziwiri.

Atayamba ntchito ya burashi ndi pamene adamvetsa chimene chidamukopa. Wolemba zikwangwani amadziwa kuti mtundu uliwonse wa penti ndi chitini, ndipo chitini chilichonse ndi ndalama. Mwini golosale akagula penti yofiira ndi yakuda yokha, mmisiri ayenera kutulutsa buledi, sopo ndi nkhope yomwetulira kuchokera m'zitini ziwirizo. Motero amaphunzira kusiya zosafunika ndi kusunga mzere wokhawo umene ukunena kanthu. Mkuluyu adazindikira kuti amisiri a kutali aja adali pa vuto lofanana ndi lake.

Mbiri yawo adaidziwa atakalamba kale, pamene mdzukulu wake wamkazi wa Folomu 3 adayamba kumuwerengera nkhani za pa lamya ya m'manja. Mu Meyi 1941 amisiri ambiri a pa kampani ya Walt Disney ku California adanyanyala ntchito. Kampaniyi inkafuna makatuni ofanana ndi zamoyo zenizeni, okhala ndi mithunzi ndi ubweya womwe, ndipo ntchito yotere inkadya anthu ndi chuma chambiri, pakuti kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Amisiri atatu amene adagwirapo ntchito kwa Disney, Stephen Bosustow, David Hilberman ndi Zack Schwartz, adayambitsa kampani yaing'ono imene idadzatchedwa United Productions of America, mwachidule UPA. John Hubley, mmodzi mwa onyanyala aja, adagwirizana nawo. Anthuwa adalibe chuma chonga cha Disney, komanso mitima yawo idali pa luso la Pablo Picasso, Henri Matisse ndi Paul Klee, amene adaonetsa kuti chithunzi sichiyenera kupikisana ndi kamera. Choncho kuchepa kwa ndalama kudakumana ndi kufuna kwa mtima.

Chipatso chake chidaoneka mu 1950 m'katuni yotchedwa Gerald McBoing-Boing, nkhani ya kamnyamata kamene m'malo mwa mawu kankatulutsa phokoso la mabelu ndi zitsulo. M'katuniyi chipinda chimaonetsedwa ndi chitseko ndi nyale basi, popanda makoma, ndipo utoto wa kumbuyo umaloledwa kulowa m'nkhope za anthu. Idapata mphotho ya Oscar mu 1951. Posakhalitsa kampani ya Disney nayonso idayesa njira yomweyi m'katuni ya Toot, Whistle, Plunk and Boom ya mu 1953, imene idapatanso Oscar. Wailesi ya kanema itafala, makampani monga Hanna-Barbera, imene idayamba mu 1957, adatengera kajambulidweka chifukwa kadali kofulumira ndi kotsika mtengo. Kadawolokanso nyanja: katuni ya Surogat, imene Dušan Vukotić adapanga ku Zagreb mu 1961, idakhala katuni yaifupi yoyamba ya kunja kwa America kupata Oscar.

Luso limeneli silidathere m'makanema. Mary Blair, amene adakonza mitundu ya utoto m'makanema a Cinderella mu 1950 ndi Alice in Wonderland mu 1951, adajambulanso mabuku a ana. Jim Flora adajambula zikuto za mbale za nyimbo za makampani a Columbia ndi RCA Victor, zodzaza oimba opindika ngati malipenga awo. Miroslav Šašek wa ku Prague adayamba mu 1959 kutulutsa mabuku ofotokoza mizinda, monga This is Paris ndi This is London. Zinthu za papepala zoterezi ndi zimene munthu angazigwire m'manja, ndipo ndi zimene mkulu wa zikwangwani uja amasaka.

Pozindikira chithunzi, iye amayenda masitepe atatu. Poyamba amayang'ana dzanja la wojambula. Chithunzi cha mtundu uwu chimakhala chafulati, chopanda mithunzi yoonetsa kuya. Thupi la munthu limamangidwa ndi maonekedwe osavuta, monga dzira, belu kapena chinthu cha ngodya zitatu. Nthawi zambiri nkhope imayang'ana kumbali koma maso onse awiri akuoneka. Mzere wa inki umayamba wonenepa n'kuthera wowonda, kusonyeza pamene burashi idatsindika ndi pamene idanyamuka, ndipo nthawi zina utoto umadutsa dala malire a mzerewo. Pamakhalanso zokongoletsa za nthawiyo, monga tinyenyezi ta minga ndi zigamba zooneka ngati impso. Komabe mkuluyu amati sitepe iyi imangouza munthu banja la chithunzi, osati msinkhu wake.

Chachiwiri, amayang'ana ntchito ya makina osindikizira. Kale mtundu uliwonse wa inki unkadindidwa pawokha, choncho zotsatsa malonda ndi timabuku totsika mtengo zinkakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu. Pamene inki yachikasu idagwera pa yabuluu pankabadwa mtundu wobiriwira, ndipo mmisiri wochenjera ankapeza mtundu wachitatu osaulipira. Pepala likasuntha pang'ono m'makina, mtundu umodzi wonse unkasunthira mbali imodzi pa tsamba lonselo. Mkuluyu amaika galasi lokulitsa zinthu pa tsamba kuti aone timadontho ta inki ndi malo amene mitundu idakwerana.

Chachitatu, amafunsa pepala ndi mawu olembedwa pamenepo. Pepala lotsika mtengo lopangidwa kuchokera ku mitengo limasanduka lachikasu likamakhudzidwa ndi kuwala ndi mpweya, ndipo kusandukako kumayambira m'mphepete kulowera m'kati. Manambala nawonso sanama. Nambala ya mabuku yotchedwa ISBN idakhazikitsidwa pa dziko lonse mu 1970, ndipo timizere takuda towerengedwa ndi makina a m'sitolo tidayamba kugwira ntchito mu 1974. Buku lokhala ndi zizindikiro izi silingakhale losindikizidwa mu 1955, ngakhale zithunzi zake zitakhala za chaka chimenecho. Keyala ya ku America yokhala ndi nambala ya positi ya manambala asanu imasonyeza chaka cha 1963 kapena pambuyo pake. Timabuku ta msana wagolide tija, totchedwa Little Golden Books, tidayamba mu 1942 pa mtengo wa masenti 25, ndipo mtengowo udakwera kufika pa masenti 29 mu 1962. Tambiri mwa timabuku ta pakati pa 1947 ndi 1970 tili ndi chilembo chaching'ono pa tsamba lomaliza pafupi ndi msana, ndipo chilembo A chimatanthauza kusindikiza koyamba.

Masitepe amenewa amagawa zithunzi m'magulu atatu: chakale chenicheni, chakale chosindikizidwanso, ndi chatsopano chotsanzira chakale. Mabuku a Šašek, mwachitsanzo, adasindikizidwanso m'zaka za m'ma 2000, kotero munthu angathe kukhala ndi zithunzi za mu 1959 pa pepala la dzulodzuloli. Gulu lachitatu lidakula pamene makatuni monga Dexter's Laboratory mu 1996 ndi The Powerpuff Girls mu 1998 adatsitsimutsa kajambulidweka, ndipo lero kompyuta imatha kuwonjezera madontho, zothimbirira ndi mikwingwirima yabodza pa chithunzi chimene changobadwa kumene.

Tsiku lina mdzukulu uja adabwera ndi chithunzi chotere chimene mnzake adamusindikizira, nati: "Agogo, taonani chakale ichi, mpaka chidachita kuthimbirira!" Mkuluyo adachisisita ndi chala, nachiyang'anitsitsa pa dzuwa, kenako adati: "Mdzukulu wanga, buku limatha pamene pamagwira manja, m'ngodya ndi pamsana. Nanga ichi chathimbirira bwanji mofanana ponseponse, pepala lili losalala chonchi? Taona, banga ili ndi ili n'zofanana ngati mapasa. Dothi lenileni silibereka mapasa." Mtsikanayo adafuna kuching'amba, koma agogo ake adamuletsa. Adamuuza kuti wojambulayo adali ndi luso ndithu, ndipo kutsanzira si mlandu, popeza mmisiri aliyense amayamba ndi kutsanzira. Mlandu umayamba pamene chatsopano chikugulitsidwa ndi dzina la chakale.

Kupeza zithunzizi kumafuna mtima wa mlenje, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkuluyu amapita kumene ena sayembekezera kupezako kanthu: pa milu ya mabuku a kaunjika yoyalidwa pansi m'misika, m'makabati a sukulu ndi matchalitchi akale, ndiponso m'nyumba zimene mukadali mbale za galamafoni zopanda choziimbira. Sayang'ana mabuku a nthano okha, pakuti zithunzi zabwino zimabisalanso m'mabuku ophunzitsa kuphika, m'timabuku ta zaumoyo ndi m'masamba a malonda a magazini akale. Mdzukulu wake amasaka pa intaneti, ndipo waphunzira kuti kulemba mawu oti retro kumabweretsa zotsanzira zambirimbiri, pamene kulemba dzina la mmisiri pamodzi ndi chaka kumafikitsa munthu pa gwero. Nkhokwe ya Internet Archive ili ndi magazini ndi makanema akale ochuluka, ndipo buku la Amid Amidi lotchedwa Cartoon Modern, la mu 2006, lidasonkhanitsa mayina ndi ntchito za amisiri a makatuni a m'zaka za m'ma 1950.

Pali zinthu ziwiri zimene zimamusowetsa mtendere mkuluyu. Choyamba n'chakuti mabuku akale amene sadagulidwe amathera kwa ogulitsa mandasi ndi tchipisi, amene amang'amba masamba ake n'kukulungira malonda. Iye sawadzudzula, chifukwa amadziwa kuti nawonso akusaka chakudya cha ana awo, koma kangapo konse wagulapo mandasi asakuwafuna pofuna kupulumutsa tsamba limene adakulungidwamo. Chachiwiri n'chakuti maso ake ayamba kuchita ng'ala. Timadontho ta inki timene ankationa mosavuta tsopano tikusungunuka ngati nkhungu, ndipo ntchito ya zikwangwani za pamanja nayonso yachepa chifukwa cha makina osindikiza pa nsalu za pulasitiki. Akudziwa kuti sutikesi ziwiri zija zikadzagwa m'manja mwa munthu wosazindikira, zidzakathera pa chiwaya cha mandasi chomwecho.

N'chifukwa chake Loweruka lililonse amakhala pakhonde ndi mdzukulu wake, natulutsa tsamba limodzi, namufunsa kuti anene banja lake, msinkhu wake ndi umboni wake. Mtsikanayo akayankha mothamanga, agogo ake amangoti: "Wayang'ana, koma sudaone. Bwerezanso." Iye amabweretsa mayina ndi zaka zochokera pa lamya, iwo amabweretsa nzeru za zitini za penti, ndipo pang'onopang'ono mtsikanayo wayamba kufunsa yekha chifukwa chimene mmisiri adasiyira mbali ina ya tsamba yopanda kanthu.

Funso lotere ndilo phata la nkhani yonse. Amisiri a m'zaka za m'ma 1950 sadajambule mizere yochepa chifukwa cholephera kujambula yambiri. Mzere uliwonse udali ndi chifukwa chake, kaya mtengo wa inki, kaya kufulumira kwa wailesi ya kanema, kaya chikhulupiriro chakuti diso la woonera lingathe kumaliza lokha chimene burashi yasiya. Wotsanzira angathe kukopera maonekedwe onse, koma zifukwazo zimatsalira pa pepala lakale, ndipo amaziwerenga ndi yekhayo amene adaphunzira kufunsa. Wophunzira amene wazolowera kufunsa chithunzi kuti chidachokera kuti, adachipanga ndani, ndipo umboni wake uli pati, adzafunsanso chimodzimodzi akamva mphekesera, akawerenga nyuzipepala, kapena akapatsidwa katundu pa msika.