Mwana wachialubino ndi wa onse awiri

Lero ndati tikambirane za genetics, mutu umene ambirife timauphunzitsa pongofuna kuti ana akhoze mayeso a MSCE.

Ndikatchula mawu akuti majini m'kalasi, ana amaseka poganiza za ziwanda. Ndimawauza kuti majini a mu Biology ndi malangizo okhala m'maselo, amene munthu amatengera kwa makolo ake. Tili ndi makromozomu 46: kwa mayi timatengako 23, kwa bambo 23. Gregor Mendel, amene ankachita kafukufuku pa nsawawa ku Brno, analemba mu 1866 kuti chibadwa china chimabisala mu m'badwo umodzi n'kudzaonekera mu m'badwo wotsatira.

Chialubino chimayendanso choncho. Bambo ndi mayi akhoza kukhala akuda onse, koma aliyense atanyamula jini imodzi yobisala. Mwana akalandira ziwiri, ina kwa bambo ina kwa mayi, thupi lake silipanga melanin wokwanira, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Kwa makolo otere, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe wachialubino ndi umodzi mwa inayi.

Nanga n'chifukwa chiyani mlandu umagwera mayi yekha? Ndaonapo mabanja akutha, bambo akuti mkazi wake anayenda ndi mzungu kapena kwawo kuli tsoka. Chonsecho popanda jini ya bamboyo, mwanayo sakanabadwa choncho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Onsewa ali ndi abambo awo. Ndipo mafupa awo ndi ofanana ndi anga ndi anu. Mulibe chizimba cha chuma, ngakhale ena aphedwa chifukwa cha bodza limeneli.

Choncho anzanga, pojambula Punnett square pa bolodi tisathere pa nsawawa zazitali ndi zazifupi. Tilembe Aa ndi Aa, titchule chialubino, ana awerenge okha. Ngati m'kalasi muli mwana wachialubino, tiyambe tamufunsa payekha tisanatero. Azikhala kutsogolo poti maso amamuvuta, ndipo tizimulola chipewa ndi malaya a manja aatali.

Inu ana anga akale, ena ndinu makolo tsopano, ena ankhoswe. Nkhani yotere ikadzafika pabwalo la banja, musadzakhale chete. Mudzapemphe pepala ndi cholembera, mudzajambule timabokosi tinayi tija.