London kupita ku Istanbul ndi maola anayi, koma ndinataya masiku awiri

Anzanga a geni, ndi inu a mathiraki, imvani zimene zinandionekera mu Disembala.

Ndinapita ku London kukaona achemwali anga, ndiye ndinati poti ndafika kale kuno, ndidumphire ku Istanbul ndikaode madiresi ndi masuti. Tikiti anandigulira pa foni ndi mwana wa achemwaliwo. Ine ndinangofunsa kuti ndi maola angati. Anati anayi. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 2,500, kuposa wochoka ku Blantyre kukafika ku Joni, umene timagonera m'basi mpaka miyendo kutupa, uku tikufola pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge. Ndinaseka, nkumati awa ndiye masewera.

Masamu anga anali otere: kunyamuka 9 koloko m'mawa Loweruka, 1 koloko ndatera, 2 koloko ndili ku Laleli kumene kuli mashopu a oda, ndikunenerera mitengo.

Choyamba, ndege yotchipayo inanyamukira ku Stansted, kunja kwenikweni kwa tauni. Pa basi ndi kupitirira ola, komanso pabwalo umafunika kufika kudakali maola awiri. Ndinadzuka 4 koloko, kukuzizira koopsa.

Titatera, wotchi yanga inati 1 koloko, koma ya pakhoma inati 4 koloko. Ndinayesa kuti yawoyo ndi yakufa. Nyengo yozizira, nthawi ya ku Turkey imatsogola ndi maola atatu poyerekeza ndi ya ku UK. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala kusiyanako ndi maola awiri, chifukwa a ku UK amasuntha mawotchi pomwe a ku Turkey sasuntha. Pa tikiti panalembedwa 16:00 bwinobwino, kungoti sindinawerenge. Tinazolowera kuti Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa nthawi ndi imodzi. Okhawo oyenda ya ku Dar ndi amene amadziwa zosintha wotchi akawoloka Songwe.

Ngati zimenezo sizikukwanira, Istanbul ili ndi mabwalo a ndege awiri. Ine ndinatsikira pa Sabiha Gökçen, mbali ya ku Asia, pomwe Laleli ili tsidya lina la Bosphorus, mbali ya ku Ulaya. Kudinditsa pasipoti, kudikira chikwama, kenako mdipiti wa magalimoto wamadzulo. Ndinafika kutada, mashopu atatseka. Lamulungu ambiri a oda satsegula. Ndinalipira hotela masiku awiri ndikungoyang'ana zitseko, ndipo ndalamayo inachoka pa mpamba.

Ndinatsala ndi Lolemba lokha. Ndinagula mothamanga, osazungulira kufananitsa mitengo, ndipo masuti ena mpaka pano adakali m'shopu mwanga.

Mukamagulitsidwa tikiti, funsani dzina la bwalo lonyamukira, la kofikira, ndi nthawi yofika pa wotchi ya komweko. Funsaninso ngati chikwama chachikulu chili mu mtengowo, poti matikiti otchipa ambiri amachilipiritsa padera.

Pobwerera Lachiwiri tikiti inati kunyamuka 11 koloko, kufika 12 koloko. Apa sindinapusenso. Ndinakwera nditadya kale, kamba wanga ali m'manja.