Khalidwe la m'foni adalitenga kwa ife

Makolo ambiri kuno kwa Makhuwira akudandaula kuti masewera a pafoni awononga ana. Monga mphunzitsi wa kusekondale, dandauloli ndimalimva kawirikawiri, ndipo n'lomveka: bandulo imadya ndalama, nthawi yowerenga imatayika. Koma pali china chomwe tikuchilambalala. Khalidwe lomwe ana amaonetsa m'masewerawa adalitenga kwa ife akuluakulu.

Anyamata omwe ndimaphunzitsa amakonda Free Fire, masewera omwe kampani ya Garena ya ku Singapore idatulutsa mu 2017. Anthu 50, aliyense pafoni yake, amatsitsidwa ndi ndege pachilumba ali chimanjamanja. Amatola zida ndi mankhwala, uku malo otetezeka akunka nachepa mpaka onse atapanikizana pamodzi. Wotsala ndiye wapambana. Ambiri amasewera m'magulu a anthu anayianayi.

Munthu wa kuchigwa sasowa womufotokozera za malo omwe akunka nachepa. Tidaziona ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 komanso Freddy mu Malichi 2023, pomwe madzi a Shire ndi a mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo adathamangitsira mabanja kumtunda, ena n'kukagona m'makalasi. Anthu omwe ndidawaona m'misasa nthawi imeneyo ndimawaonanso m'foni za anawa.

M'masewerawa ndege imaponya bokosi la katundu wabwino. Pali mwana yemwe amafika msanga n'kukokolola zonse, ngakhale zomwe sazigwiritsa ntchito, anzake a gulu limodzi n'kutsala opanda kanthu. Kodi sitidaone bambo akulembetsa maina atatu pa chimanga cha chithandizo, agogo oyandikana nawo n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu?

Pali wina yemwe amagula zovala zonyezimira za m'masewera ndi ndalama zenizeni, n'kumanyoza mnzake wa foni yakale yomwe imangoimaima. Uyu adamva momwe timayankhulira za munthu wobwera pamaliro ndi njinga yakapalasa pomwe ena abwera pagalimoto.

Palinso wobera, woika pulogalamu yachinyengo kuti apambane mosavutikira. Tisadabwe naye. Mu 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa dziko lonse chifukwa adabedwa, ndipo mwana wa Fomu 4 sakhala ndi kiyi wa malo osungira mayeso. Kusiyana kwake n'kwakuti m'masewera wobera akagwidwa amamutsekera akaunti, pomwe kwathu kuno timamutcha wochenjera.

Koma si zokhazo. Mnzako akavulazidwa m'masewerawa amagwa n'kumakwawa, ndipo ungathe kumudzutsa ngati walolera kuika moyo wako pachiswe. Alipo ana omwe amabwerera nthawi zonse. Mmodzi mwa iwo ndi mnyamata wofatsa yemwe m'kalasi sayankhulayankhula, koma anzake amalimbirana kuti akhale m'gulu lawo. Bambo ake ndi mmodzi mwa omwe adapalasa bwato usiku kukatenga anthu omwe adatsakamira m'mitengo. Make mbuu, mwana mbuu.

N'chifukwa chake ndimati kulanda foni kokha sikukwanira. Ikani malire, inde: foni isalowe m'kalasi, ndipo ndalama ya sopo isathere ku bandulo. Koma mwana wadyera ukamulanda foni, dyeralo amapita nalo kubawo, kumpira, mawa kuofesi.

Makolo anzanga, tsiku lina khalani pafupi ndi mwana wanu akamasewera, ngakhale kwa mphindi khumi. Musamufunse kuti wapha angati. Mufunseni kuti mnzake atagwa adachita chiyani, ndipo katundu wa m'bokosi adagawana bwanji. Yankho lake likuuzani zomwe wakhala akuphunzira pakhomo panu, ndi zomwe adzakuchitireni madzi akadzabweranso inu mphamvu zitatha.